A Simbi Saimba Atakhala

Lolemba, 3 Malichi

Okondedwa alamu,

Dzulo Lamlungu, pa 2 Malichi, tinakhala pansi pabalaza pathu anthu asanu: amayi, alongo anu, a Zala oimba limba, bambo woyang'anira holo, ndi ine. Ndayamba ndi zimenezi kuopa kuiwala, koma moni ndiye wamkulu. Muli bwanji kumeneko? Ntchito ya kuchipatala ikuyenda? Kuno ana ali bwino, wamng'onoyo chifuwa chinatha. Alongo anu akulimbana ndi magalimoto kugalaja monga mwa masiku onse. Ine makina osokera sakupuma, mayunifolomu a sukulu andichulukira.

Chimene tinakambirana ndi chionetsero cha amayi. Tagwirizana kuti chichitike Loweruka, pa 26 Epulo, masana, muholo yomwe ija ya kuseri kwa positi ofesi. Adzaimba nyimbo zisanu ndi zitatu za m'sewero lawo lija la mayi wochapa ndi kusita zovala. Mpaka lero m'misewu muno palibe amene amawaitana dzina lina, ndi a Simbi basi, ngakhale ana amene sewerolo sanalionepo.

Munandiuza kuti ndizikulemberani zoona zokhazokha, ndiye nazi. Kuiwala kwawonjezeka. Lachinayi nsapato zawo ndinazipeza m'kabati ya mbale. Mdzukulu wawo wamkulu masiku ena amangomuti mnyamata wa pano. Amafunsa za inu m'mawa, ndiwayankha, pofika masana afunsanso. Koma pa chionetsero cha mu Disembala anaimba nyimbo zisanu ndi ziwiri osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Pa yomaliza pokha, ija ya mwana wopita kutali, anaimba kachidutswa n'kuima, nayang'ana uku ndi uku, kenaka anawerama mwaulemu ngati kuti nyimbo yathera pomwepo. Anthu anaomba m'manja. Ambiri sanadziwe kanthu, koma a Zala malaya anali atanyowa ndi thukuta.

Woyang'anira holo anafunsa mwaulemu ngati munthu wa zaka 79 angathe kuima masana onse pasiteji. Amayi anamufunsa kuti holo yake ili ndi zaka zingati. Iye atati makumi asanu, iwo anati, "Mwana ameneyo denga likudontha kale, koma mukumubwereketsabe. Ine ndadontha pati?" A Zala anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anawauza kuti chifuwacho achisunge, chifukwa ulendo watha anathamangitsa nyimbo ngati akuwapirikitsa agalu. Anthu awiriwa agwira ntchito limodzi zaka 41 ndipo sindinawamvepo akuyamikirana.

Deresi lawo labuluu lija ndalibweza m'chiuno chifukwa achepa thupi. Atalivala kuti ndiyeze, msana unawongoka wokha, chibwano m'mwamba. Ndinayamba kuwapatsa mapini ndi manja awiri ngati mlendo wolemekezeka. Ndikanakonda mukanawaona.

Tsopano za ndalama. Holo ndi 60,000. Tapereka 22,000 imene inatsala mu Disembala. Yotsala ndi 38,000, ndipo akuifuna isanafike 10 Epulo. Zikwangwani ndalipira ndekha, 4,500, ndidzabweza pa matikiti. Ngati mungathe kutithandiza pa ya holoyi, tidzathokoza. Ngati zinthu zathina, mundiuze msanga kuti ndiyang'ane kwina.

Ndine mlamu wanu.


Lachitatu, 19 Malichi

Mlamu wanga,

Kalata yanu ndinailandira dzana. Zikomo posandibisira. Ndikulemba mothamanga chifukwa ndikulowa ntchito posachedwa. Moni kwa ana, ndi kwa mlongo wanga amene dzanja lake limadziwa sipanala koma cholembera limachiopa.

Ndatumiza 55,000 kubanki. Pamenepo 38,000 ndi ya holo. Ndi 17,000 yotsalayo mugule mpando wolimba, wokhala ndi mogwira mbali zonse ziwiri.

Ndalamazi zili ndi mawu ake, ndipo mundimvetse bwino. Amayi aimbe atakhala pampandopo, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Chingwe choyanikira, dengu la zovala ndi chisimbi cholemera chija zitsale kunyumba. Mawu a nyimbo muwalembe m'zilembo zikuluzikulu ndi kuwaika patsogolo pawo. Ndipo chionetsero chimenechi chikhale chomaliza. Mulengeze kuti ndi chotsanzika, anthu abwere adzawathokoze mayi akadali ndi mphamvu.

Ine ndimasamala okalamba tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kumene matenda amenewa amalowera. Sabwerera m'mbuyo. Lero aima pa nyimbo imodzi, mawa adzaima pa zitatu. Sindikufuna kuti anthu adzawaone ali choncho pasiteji.

Muwauze mofatsa. Inu amakumverani kuposa ife ana awo.

Mlamu wanu.


Lamlungu, 6 Epulo

Okondedwa alamu,

Moni wambiri. Tikukhulupirira kuti muli bwino. Ndalama zinafika, ndinakatenga pa 1 Epulo. Holo ndinamaliza kulipira tsiku lomwelo. Mpando ndinagula wa 15,500, ndipo 1,500 yotsala inapita ku mapepala olimba ndi zolembera zakuda. Mawu a nyimbo zonse ndinawalemba monga munanenera, a Zala akundiuza mzere ndi mzere. Zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Za kutsanzika sindinalengeze, popeza zikwangwani zinali zitamatidwa kale. Amayi sindinawauzenso. Ndayesa kawiri, koma ndalephera.

Dzulo tinapita kuholo kukayeserera. Woyang'anira amatilola m'mawa pamene anthu akukolopa. Mpando tinauika pakati pa siteji. Amayi atauona anafunsa kuti akudwala ndani. Nditawauza kuti mwagula ndinu, anausisita, nati ndi wabwino, ndipo anakhalapo chifukwa cha inu.

A Zala anayamba ndi nyimbo ya dzuwa ija, imene ngakhale ana athu amaidziwa. Amayi anaimba mzere woyamba, basi. Ndinawalozera pepala. Analiyang'ana nthawi yaitali, nati zilembo n'zokongola, koma mawu amenewa sakuwadziwa, ndi a munthu wina. Manja awo ankangofufuza pamwendo ngati munthu amene wagwetsa singano. Tinayesa nyimbo zinayi, zonse chimodzimodzi. Mawu amene amafika mpaka kukhomo la holo popanda chokuzira anasanduka kamawu ka munthu wopempha madzi.

Kenaka anatembenukira kwa a Zala, nafunsa mwaulemu wonse kuti, "Pepani abambo, kodi inu ndi ndani?"

A Zala anatseka limba, natuluka panja. Ndinawapeza ataima pa mpopi, akusamba kumaso popanda chifukwa. Amayi anaiwalapo zambiri, koma a Zala anali asanawaiwalepo.

Tinabwerera kunyumba. Chakudya amayi anangochigwiragwira. Lero adzuka mochedwa ndipo deresi labuluu andiuza kuti ndilichotse pachitseko.

Alongo anu akwiya. Akuti munapita kutali ndiye mwayamba kuchita manyazi ndi mayi anu, mukufuna kuwabisa ngati mbale yosweka alendo akamabwera. Ine sindikunena choncho, alamu, ndipo ndawaletsa kuyankhula zotere ana akumva. Koma mawu anu aja akuti simukufuna kuti anthu awaone ali choncho ndawawerenga kangapo. Ngati ndi manyazi, ndiuzeni, sindidzauza munthu. Chokhacho ndingakuuzeni n'chakuti mu Disembala, anthu ataimirira kuwaombera m'manja, ine ndinkafuna aliyense adziwe kuti ndimakhala nawo nyumba imodzi.

Ndine mlamu wanu.


Lamlungu, 13 Epulo

Okondedwa alamu,

Moni. Ndikudziwa kuti kalata yanga ya pa 6 Epulo mwina siinafike n'komwe, koma izi sizingadikire yankho.

Dzulo ndinkachapa kuseri kwa nyumba. Amayi anali atakhala pakhomo la kukhitchini, chete, monga akhalira sabata yonseyi. Nditayamba kuyanika, ndinamva akuti ndimayanika malaya ngati ndili ndi mlandu ndi mwini wake. Anadzuka, nandilanda malaya a alongo anu, nawakung'untha kawiri. Pamene ankawaponya pachingwe, mawu anatuluka okha:

"Dzuwa ndiwe wantchito wanga,
sindikulipira koma umabwera."

Anaimba nyimbo yonse, ndime zinayi, ndi mawu awo akale aja. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anaima pampanda ndi ndowa pamutu mpaka madzi anayamba kumutsikira m'khosi. Ine ndinangoima ndi mapegi m'manja. Ndinaona kuti akawerama kutenga chovala m'dengu, ndime yatsopano imayamba. Akamapanira mapegi, ndiye kuti afika pobwereza paja.

Ndinasiya zochapa m'beseni ndi kupita kwa a Zala. Nditawafotokozera anadzimenya pamphumi, nadzitchula chitsiru chokalamba. Akuti malemu mkulu wa gulu lawo la zisudzo sankalola munthu kuphunzira mawu atakhala pansi kapena pepala lili m'manja. Mzere uliwonse ankaupereka pamodzi ndi ntchito yake, apa werama, apa tembenuka, apa ika simbi. Ankawauza kuti mawu azisunga m'manja ndi m'miyendo, chifukwa mutu ndi dengu lobooka. Zaka zonsezi amayi akhala akuimba ndi chingwe ndi dengu pasiteji, ndiye palibe amene anaganizapo kuti kuzichotsa ndi kuchotsa nyimbo.

Masana tinamanga chingwe pabalaza, kuchokera pazenera kukafika pa msomali wa kalendala. A Zala anabwera ndi kalimba kawo kakang'ono. Nyimbo zisanu ndi ziwiri zinatuluka zonse. Pa yachitatu amayi anaima ndi kunena kuti, "Zala, nkhalamba iwe, ukuthamangira maliro a ndani?" Sindinaonepo munthu akusangalala ndi kukalipiridwa ngati mmene anachitira a Zala.

Ndiye alamu, ndaphwanya mawu anu, ndipo ndati mumve kwa ine. Pa 26 amayi adzaimba ataimirira, ndi chingwe, dengu ndi simbi. Sindikunena kuti mantha anu ndi opanda pake. Dzulo lomwelo anadzandira kamodzi powerama, ndinawagwira pamkono. Choncho dengu ndaliika pa kampando kuti asamawerame kwambiri, deresi ndalifupikitsa, ndipo adzavala nsapato zafulati. M'simbi simudzakhala makala. Popeza ndalama zanu zinali ndi mawu ake, 55,000 ija ndikuitenga ngati ngongole. Ndidzabweza pa matikiti.

Chatsala ndi nyimbo yomaliza ija. Pachingwe sikutuluka, pa simbi sikutulukanso. Akuti pamene sewerolo linkayamba, mwana wopita kutaliyo munali inu, muli ndi zaka zisanu ndi zinayi. A Zala sadziwa chimene chinkachitika pasiteji chifukwa poimba limba siteji ankaipatsa nkhongo. Anzawo a m'gulu ena anamwalira, ena sitidziwa kumene ali. Kwa zaka zambiri amayi ankaiimba ndi mutu wokha, koma tsopano mutuwo waitaya. Ngati mukukumbukira chimene ankachita ndi manja, tilembereni msanga, ngakhale mutandikwiyira.

M'munsimu ndi mawu a amayi. Ndalemba monga mmene anenera.

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi atelala a pano, chifukwa magalasi anga Zala anawakhalira. Uli bwanji? Ukudya mokwanira?

Mpando wako ndauona. Ndi wabwino kwambiri, uli ndi mogwira ngati wa woweruza milandu. Ndausunga, ndidzakhalapo ndikadzakalamba.

Akuti ndimaiwala. N'zoona, sindikana. Tsiku lina ndinaiwala kumene kuli chipinda changa m'nyumba yomwe ino, ndinaima pakhonde ngati wobwera kudzagula mazira. Anthu amandiyankha mofatsa kwambiri masiku ano, ndipo ndimadziwira pomwepo kuti ndafunsanso chimene ndinafunsa kale. Koma nyali zikayaka, Zala akayamba phokoso lake lija, sindifunsa munthu kuti ndili kuti. Pamenepo pokha ndi pamene anthu amadikira ine. Usandichotsepo msanga.

Ukudya mokwanira? Unali mwana wovuta pa chakudya. Uvale juzi, akuti kumeneko kumazizira.

Mayi ako.


Lachitatu, 23 Epulo

Mlamu wanga,

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi, lero. Ndinayamba kuwerenga ya pa 6 ndipo ndinakwiya mpaka ndinaiponya pabedi. Kenaka ndinawerenga inayo. Ndapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito ola limodzi kuti iyi ipite lero lomwe, ngakhale ndikuona kuti singafike Loweruka lisanakwane.

Manyazi, mlamu? Pantchito pano palibe amene sadziwa kuti mayi anga ndi woimba. Chithunzi chawo atanyamula simbi chili pachitseko cha kabati yanga, anzanga anatopa nayo nkhani yake. Ndinalemba molakwika chifukwa cha changu. Chimene ndinkaona m'maso mwanga ndi mayi wina amene ndinkamusamala mwezi watha, mphunzitsi wopuma, wanthabwala ngati amayi. Anaphonya sitepe imodzi yokha, fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo sanadzukenso. Ndikamati ali choncho, ndimanena amayi atagwa pansi pa anthu mazana awiri, ine ndili kuno kosathandiza. Mlongo wanga mumuuze kuti mbale yosweka ndi mutu wakewo.

Za mpando ndinalakwa. Sindinadziwe kuti ndikuwalanda mawu. Zimene mwachita pa dengu, deresi ndi nsapato n'zabwino. Muonjezere izi: siteji ikhale youma, asaikolope tsiku lomwelo, ndipo mlongo wanga aime kuseri kwa katani pafupi ndithu. Ndalama ija si ngongole, musandichititse manyazi enieni tsopano.

Nyimbo ija ndikuikumbukira ngati dzulo. Amayi sankaiyamba okha. Ine ndinkalowa kuchokera kumanzere nditanyamula malaya oyera. Ankandilanda malayawo, n'kunditembenuza, n'kuwayeza pamsana panga, phewa ndi phewa. Mawu oyamba ankatuluka manja awo ali pamapewa anga. Pa ndime yachiwiri ankapinda malayawo. Pa yachitatu ankandipatsa, n'kundikankha pang'ono pamsana kuti ndizipita. Ndinkadana nayo chifukwa manja awo ankakhala ozizira. Lero ndailemba ndikulira.

Pa za kutsanzika ndinene chonchi. Akaimba bwino ataimirira, osagwa, osasochera moti n'kuchita mantha, ndabweza mawu anga, aziimbabe. Koma zikapanda kuyenda, mlamu, mudzandithandize kuwaletsa. Ndikudalira inu chifukwa simunama.

Amayi muwauze kuti ndikudya mokwanira, ndipo juzi ndavala.

Mlamu wanu.


Lamlungu, 27 Epulo

Okondedwa alamu,

Moni. Kalata yanu sitinailandire, ndiye sindikudziwa ngati mukadali wokwiya. Ndikulemberanibe zonse monga zinachitikira dzulo.

Holo imalowa anthu 200. Matikiti tinagulitsa 214, ena anaimirira m'mbali mwa khoma. Kunabwera agogo oyenda ndi ndodo, ana a sukulu, amakanika anzawo a alongo anu atavala majekete, ndi mayi wa ndowa uja pamzere woyamba. Popeza yankho lanu linali lisanafike, ine ndi a Zala tinapangana mwakachetechete kuti nyimbo yomaliza tiisiye, tithere pa yachisanu ndi chiwiri.

Tili kuseri kwa katani amayi anandifunsa kawiri kuti anthu onsewa abwera kudzatani. Koma nyali zitayaka, a Zala atagunda limba, ananditulutsa dzanja pamkono pawo nalowa okha. Anaima pafupi ndi dengu, nayang'ana anthu kuyambira kumanja mpaka kumanzere, osafulumira, mpaka holo yonse inati zii. Ndiye anatola malaya n'kuwakung'untha. Anthu anakuwa nyimbo isanayambe n'komwe.

Sindinama, panali pophonya. Pa nyimbo ya simbi anadumpha ndime yachiwiri napita ku yachitatu, kenaka n'kubwerera. A Zala anawatsatira ngati mmene mbusa amatsatira ng'ombe yodziwa njira, ndipo palibe anazindikira. Sanagwe, sanadzandire ngakhale kamodzi. Alongo anu anaima kuseri kwa katani manja ali chire masana onse, osawagwiritsa ntchito.

Itatha yachisanu ndi chiwiri, a Zala anaimirira kuti awerame. Amayi anawayang'ana n'kunena mokweza, holo yonse ikumva, kuti, "Yatsala imodzi, nkhalamba iwe. Basi yako sikusiya." Anthu anaseka. A Zala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo anakhalanso.

A Zala anaimba poyambira paja. Amayi chete. Anabwereza, amayi chetebe. Anazungulira kachitatu. Amayi anali ataima pakati pa siteji, manja akutseguka ndi kutsekeka, maso akufufuza. Kuseka kunatha. Ndinamva mpando wina ukulira kumbuyo kwenikweni kwa holo. Ndinati m'mtima, alamu ananena, ndipo ine ndi amene ndawabweretsa pano.

Kenaka anatembenukira kumene ndinaima, nafunsa ndi mawu a mayi amene wachedwa ndi ntchito, "Kodi mwanayo ali kuti ndi malaya?"

Pamkono panga panali malaya oyera a alongo anu, amene ndinasunga kuti mwina ena angagwe pansi. Sindinaganize kanthu. Alongo anu ndi amene anandikankha. Alamu, ine sindinaimepo pamaso pa anthu, ngakhale pa ukwati wanga ndinkayang'ana nsapato. Koma ndinalowa. Wina anaseka poona mayi wa ana atatu akulowa ngati mwana. Amayi anandilanda malaya, nanditembenuza mwamphamvu, mwamwayi ndinayang'ana khoma osati anthu. Ndinamva akuyala malaya pamsana panga. Manja awo atafika pamapewa, nyimbo inabwera:

"Mapewa awa akula liti,
ine maso ali pathovu?"

Anaimba yonse. Ndinamva akuchotsa malaya ndi kuwapinda, mawu akupitirira pamwamba pa mutu wanga. Pomaliza anandiika malayawo m'manja nandikankha pang'ono pamsana. Ndinadziwa kuti ndiye kuti ndizipita. Nditafika kuseri kwa katani ndinapukutira nkhope malaya omwewo. Alongo anu ankayang'ana kudenga, akuti ankaona podontha.

Anthu anakana kutuluka. Nyimbo ya dzuwa anaibwereza kawiri, ya simbi kamodzi, kenaka anakhala pakhomo kupatsa moni aliyense. Woyang'anira holo ankangoyang'ana wotchi, koma naye anali pamzere wa moni. Tinapyola nthawi ndi ola limodzi ndi theka, ndipo akuti pali ndalama yake, adzatiuza.

Pobwerera amayi anandifunsa kuti mwana uja wa malaya ndi wa ndani. Akuti anachita bwino, koma amaponda molemera, adye pang'ono. Titafika kunyumba, nditawavula nsapato, anafunsa kuti chionetsero ndi liti. Ndinawauza kuti chachitika lero. Anafunsa ngati anaimba bwino. Ndinati kwambiri, holo inadzaza, anthu analira. Iwo anati, "Ndimadziwa," natseka maso.

Matikiti anali 500 imodzi, zonse pamodzi 107,000. A Zala 20,000, zokuzira mawu 18,000, galimoto yonyamula limba 7,000, zikwangwani 4,500. Yatsala 57,500. Pamenepo 55,000 yanu ndaiika padera.

Ngati chinali chomaliza, munene ndinu. Ine ndangolemba zimene ndinaona.

Ndine mlamu wanu.


Lachitatu, 7 Meyi

Okondedwa alamu,

Moni wochuluka. Kalata yanu ya pa 23 Epulo inafika dzulo. Pepani chifukwa cha mawu aja a manyazi, ndinakulakwirani.

Ndinaiwerenga mokweza pabalaza, amayi, alongo anu ndi a Zala ali pomwepo. Nditafika pa malaya oyera, a Zala anavula chipewa. Alongo anu anamva za mutu wawo, anangokanda, nati akulemberani okha kalata. Musaidikire ndi njala. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati mwalakwitsa, munkalowa kuchokera kumanja osati kumanzere. Akuti mwana ameneyu amaiwala kwambiri, amupime kuchipatala kwakeko.

Mawu anu okhudza kutsanzika ndawayeza mosakondera, popeza mukudalira ine. Sanagwe. Anasochera pang'ono, koma njira anaipeza okha, ndipo mantha anali athu osati awo. Choncho lero m'mawa tinapita kuholo. Amayi anavala nsapato zawo zabwino nayenda patsogolo. Tasungitsa Loweruka, pa 30 Ogasiti, masana. Tsikulo likamayandikira ndidzakulemberani mmene alili, ndipo zikadzasintha sindidzakubisirani. A Zala akuti ine ndikhalebe mwana wa malaya, koma ngati kuntchito angakupatseni tchuthi mu Ogasiti, malowo ndi anu. Manja awo akadali ozizira.

Ya nthawi imene tinapyola ija ndi 12,000. Ine ndinayamba kupempha kuti atichotsereko, koma amayi anandigwira dzanja. Anauza woyang'anira holo kuti asachotse ngakhale pang'ono, ndipo alembe bwinobwino pa lisiti kuti anthu anakana kupita kwawo. Lisitilo alipachika kuchipinda kwawo.

Holo ya mu Ogasiti 60,000, kuphatikiza 12,000, zonse ndi 72,000. Popeza mwati yanu ija si ngongole, ndapereka 57,500 yonse.

Yotsala kuholo ndi 14,500.

Ndine mlamu wanu.